Makombo a Alendo

Lesitilanti ya pakona inatsekedwa Lachitatu loyamba la mwezi wa Juni, patangotha chaka mwiniwake atapita kwa sing'anga. Anthu amanena zambiri zokometsera. Zoona zake n'zochepa, koma n'zokwanira.

Mwiniwakeyo, mayi yemwe onse ankamutchula kuti Amayi a Pakona, anaphikira amakaniko ndi atelala a mumsewuwo zaka khumi ndi zisanu. Kenako dera linasintha. Magalaja anasanduka malo omwera khofi, makoma anajambulidwa zithunzi, ndipo kunabwera anthu ovala mathalauza ong'ambika dala, akukoka agalu ovala majuzi. Amakaniko anasamuka. Mayiyu ankangokhala pakhomo masana onse, ntchentche zikuzungulira mapoto, maso ali pamzere wa anthu tsidya lina la msewu. Mtima unkamuwawa.

Sing'angayo anali ndi ofesi ya kapeti m'nyumba yosanja. Anamvetsera mpaka mayiyu atamaliza.

"Mukufuna akale abwerere, kapena atsopanowa?"

"Atsopanowa, bambo. Akale aja ankadya uku akudandaula."

Sing'angayo anatulutsa chipande chakuda m'kabati. "Muziomolera ichi. Chizimba chake n'chimodzi: chotsala m'mbale ya mlendo muzidya nokha, tsiku lomwelo. Osataya, osapatsa munthu, osapatsa galu."

Mayiyu anaseka. "Basi? Kwanga mbale imabwerera ngati yotsukatsuka. Anthu amatafuna ndi fupa lomwe."

"Ndiye palibe chovuta, mayi," anatero sing'angayo, osaseka nawo. "Koma mukataya kamodzi, njala ya onse amene munawadyetsa idzakhala yanu."

Sabata isanathe, mzere unawoloka msewu. Alendo ankatama mabenchi ake ophwanyika kuti ndi achikale chenicheni. Mayiyu anagula firiji, nsapato zazitali, kenako galimoto.

Koma anthu atsopanowa sankabwera ndi njala. Mbale ikafika, ankayamba aijambula pa foni, kulawa masupuni awiri, n'kuikankhira pambali. Mbale zinkabwerera kukhitchini zodzaza: mpunga wosakanikirana ndi phulusa la ndudu, buledi wa utoto wa pamilomo, nyama yotafunidwa n'kulavulidwa, zotokosera mano zikuyandama mumsuzi wozizira. Mayiyu ankakhuthulira zonse mu ndowa, n'kukhala kuseri kwa chitseko, atatsinzina, akumeza.

Anachepetsa chakudya m'mbale. Alendo anati timbale tating'onoto ndiye tamakono, ndipo anabwera ochuluka kuposa kale.

Miyendo inatupa. Fungo la zosasa linkatuluka m'thukuta mwake. Mng'ono wake, amene ankatsuka mbale, anamupeza tsiku lina akunyambita supuni ya mlendo.

"Achemwali, galimoto muli nayo, ndiye mwasanduka nkhumba ya m'khola?"

"Tsuka mbale, iwe. Ndowa iyi usadzaigwire."

Mayiyu anabwerera kwa sing'anga uja kukapempha kuti amufewetsere.

"Ndinakufunsani, akale kapena atsopano," anayankha. "Munasankha nokha. Kazipitani, chakudya chikuzizira."

Loweruka lina kunabwera gulu la anthu makumi atatu kudzakondwerera tsiku lobadwa la mnzawo. Mtsikana wina anatsitsa mbale pansi kuti kagalu kake kanyambite, kenako anaibwezera patebulo. Ndowa ziwiri zinadzaza. Mayiyu anadya imodzi, anasanza, anayambiranso, mpaka anakomoka pansi pa sinki. Mng'ono wake, misozi ili m'masaya, ananyamula ndowa yachiwiri n'kukakhuthulira m'bini.

M'mawa mwake mayiyu anadzuka ndi njala imene mphika wathunthu sunaithetse. Chakudya choyera chinkangodutsa ngati madzi. Chomwe ankalakalaka chinali cha m'mbale ya munthu. Lachitatu masana anatuluka m'khitchini, n'kupisa dzanja m'mbale ya mlendo amene anali asanamalize kudya. Palibe anamugwira. Onse anakweza mafoni awo n'kumujambula.

Wosirira chuma cha anthu amene sakuwadziwa amavomera chizimba chimene sakuchimvetsa, ndipo dyera silikhutitsa; limangokulitsa mimba.

Pakona paja tsopano akugulitsapo makandulo onunkhira. Mng'ono wa mayiyu anapeza ntchito yotsuka makapu tsidya lina la msewu. Mayiyu amayendayenda pakati pa matebulo a panja, atanyamula chipande chakuda, kudikira kuti wina akankhe mbale. Operekera zakudya amamuthamangitsa, koma amabweranso.