Mpaka Ukwati Udutse

Chimene chinayamba kumudabwitsa mayi wina wofufuza za chikhalidwe ndi mbale. M'nyumba imene ankachita lendi ankadya anthu awiri, iyeyo ndi mayi wamasiye mwini nyumbayo, koma potsuka mbale zinkakhala zitatu.

Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo kufunsa mmene anthu amaonera matenda a maganizo. Aliyense ankamudziwa wamisala wa kumsika, koma wa m'banja mwake ayi ndithu, paja misala imagwa kwa aneba. Mwini nyumbayo naye anayankha akupukuta m'manja: "Kumtundu kwathu kulibe zimenezo."

Usiku magetsi akazima, kuseri kwa khoma la chipinda cha wofufuzayo kunkamveka supuni ikukanda mbale pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa anzake. Atafunsa, anauzidwa kuti ndi makoswe. Makoswe ake odya ndi supuni! Aneba ankanong'ona kuti pakhomopo panali mnyamata. Ena ankati anapita kunja kukagwira ntchito, ena ankangogwira pakamwa.

Usiku wina akumvetsera zimene anajambula masana, mawu ake omwe anamveka m'foni akufunsa: "Munthu wodwala chonchi mumamutchula chiyani?"

"Sanditchula," anayankha mawu a mwamuna kuseri kwa khoma.

Wofufuzayo anazimitsa foniyo mwamantha. "Ndinu ndani?" ananong'ona.

"Mwana wa m'nyumba muno. Amayi anati ndikhale chete mpaka ukwati wa achemwali udutse, akuchimuna angamve za ine. Kodi wadutsa?"

Sanaone tulo. Mantha aja anasanduka chisoni, chisonicho n'kusanduka mkwiyo. Kutacha anawapeza mayiwo kukhitchini.

"Mayi, mutsegulireni mwana wanu. Kuchipatala mankhwala aliko, ndimuperekeza ndine."

Mayiwo anatulutsa kiyi m'thumba n'kutsegula chipinda cha kuseri kwa khoma lija. M'chipindamo munali bedi lopanda matiresi, fumbi, ndi zenera lokhomedwa matabwa. Munthu munalibe.

"Ukwatiwo unachitika kalekale, adzukulu anga ali pasukulu," anatero mayiwo. "Ndinamutsekera kuti masiku a chikondwerero angodutsa. Pobwera kumadyerero ndinamupeza atazizira. Sanagogode n'komwe, mwana womvera."

"Akufunsa ngati wadutsa. Muuzeni, mayi, apume."

Mayiwo anagwira chitseko.

"Ndikamuuza achoka," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ine nditsala ndi ndani?"

Anakoka chitsekocho mosamala kuti chisalire, n'kukhomanso.