Mzukwa wa ku Nkwazi Wosamaliza Mawu

Ku Nkwazi kunamveka mphekesera zoti malemu Ba Boaz abwerera. Ine ndinaseka, koma osati kwambiri, poti bambowa ndinkawadziwa. Moyo wawo wonse sanamalizepo mawu. Akakwiya: "Esme, ukadzabwerezanso..." basi. Ndiwo zikakoma: "Chibwabwa ichi ndiye..." n'kupitiriza kutafuna. Akazi awo, Ba Esme, ndiwo ankawamalizira, ndipo banja linkayenda bwino choncho.

Tsono madzulo ena malaiti atazima, Ba Esme ali okha ndi kandulo, anamva nsapato zikukhwekhwereza pang'onopang'ono kuseri kwa zenera. Agalu sanauwe. Kenako mawu a mwamuna, otsika, onjenjemera: "Ine ndimati..." Zii.

Mawa lake chimodzimodzi: "Ndakhala ndikufuna..." Zii. Kutacha anapeza mtolo wa chibwabwa pakhonde, masamba a maungu aja, ndiwo za pamtima za malemu. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera mpaka mawu kusasa. Chinthucho chinadikira kuti achoke, n'kuyambiranso. Ba Esme anasiya kudya, chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri.

Mwana wawo Lois anabwera kuchokera ku Kitwe.

"Amai, longedzani. Mukakhala kwa ine ku Ipusukilo."

"Ndisiye nyumba imene anamanga atate ako?"

"Ndiye mufere muno?"

Analongedza akulira. Madzulo otsiriza malaiti anazimanso, awiriwo atakhalira zikwama. Khwe, khwe, nsapato zija. Kupuma kwa munthu kunamveka pafupi ndi galasi, katani n'kugwedezeka pang'ono.

"Musapite, chifukwa ine..."

Ba Esme anagwira dzanja la mwana wawo. Koma Lois anapendeketsa mutu.

"Amai," ananong'ona, "atate ankangoti 'iwe Esme'. Za 'musapite' zayamba liti? Ulemu akauphunzirira kumanda?"

Anatsegula chitseko n'kuwalitsa tochi ya foni. Panaima Ba Nicodemus, telala wa kuseri kwa mpanda, amene akazi awo anamwalira kalekale. Anali mu jekete la kutchalitchi, chibwabwa chili kukhwapa. N'chifukwa chake agalu sankauwa, amawadyetsa ndi iwowo.

Anaulula kwa Lois, maso ali pansi. "Sindimatsanzira malemu, mwanangu. Ndimachoka kunyumba mawu onse ndili nawo, koma ndikafika pazenera mtima umandithera pakati. Nditamva kuti akunditcha mzukwa, manyazi anachita kuwonjezeka."

"Ndiye malizani lero. Amai ndi awa."

Ba Nicodemus anatembenukira kwa mayiwo. "Ba Esme, ndimati mwina ife awiri..."

Zii.

Ba Esme anawalanda chibwabwa chija.

"Lois, masula zikwama. Awa ndiwamalizira ndekha. Ntchitoyi ndinaizolowera."