Mlendo Amene Anatitsekulira Chitini

Amuna anga, a Bizwell, atapuma ntchito yauphunzitsi, adokotala anawauza kuti aziyenda kwambiri chifukwa cha shuga. Wina akanamangozungulira mudzi. Iwo anakagula zikwama ziwiri zakumsana pa kaunjika, ndi tenti yachigamba pakona, n'kuyamba kukwera mapiri. Ine ndinawatsatira poopa kuti angakagwe okha kutchire. Anthu a pa Manjawira ankatiseka. Ankati a Dailes ndi amuna awo asanduka azungu. Koma ndinazikonda. Pa zaka makumi atatu za ukwati wathu sitinachezepo mokoma ngati m'maulendo amenewo.

Chaka chatha mu Julaye tinanyamuka wapansi kupita kwa mwana wathu Tracy ku Kasinje, kudzera m'mapiri n'kutsikira kuchigwa cha Bwanje. Unali ulendo wa masiku atatu. Ndiwo zathu zinali nyama yam'chitini yogula m'sitolo mwa a Nasir. Nyama imeneyi siopa dzuwa, ndipo nkhuni zitatu zokha imapsa.

Tsiku lachiwiri dzuwa linatilowera tili pakamtsinje, pansi pa mitengo ya masuku. Mudzi womaliza tinaudutsa masana. Tinakhoma tenti, ine ndinakoleza moto n'kukwirira kachewere m'phulusa. Ndinadula anyezi ndi tomato. Kunkazizira, koma tinali osangalala. A Bizwell ankaimba nyimbo ya kwaya uku akupotokola kakiyi ka chitini. Kakiyiko kanangoti thyo!

"Mwationongera mgonero, bambo a Tracy," ndinatero ndikuseka.

Anatenga mpeni n'kuyamba kulimbana nacho. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti nkhululu zonse zasiya kulira.

"Odi kuno."

Mawuwo anachokera kutsidya kwa moto. Sitinamve mapazi, chonsecho pansi panali masamba ouma okhaokha. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wovala jekete lalitali ndi majombo. Pamutu anasenza sutikesi yachitsulo yomanga ndi lamba.

"Fikani, bambo," anatero amuna anga. "Tulani katunduyo muothe moto."

"Zikomo. Ndikatula kwathu."

Anakhala pamwala, msana chilili, sutikesi ili pamutu. Anati dzina lake ndi Thomas, ndipo akuchokera ku Joni, kumigodi. Fungo la anyezi ndilo linamukhotetsa. Ataona chitini m'manja mwa amuna anga anamwetulira ngati waona mbale wake.

"Mudzicheka, akulu. Patseni."

Anatulutsa msomali m'thumba, anauthyola kumapeto ndi zala, n'kukola kamlomo ka chitini. Anapotokola pang'onopang'ono mpaka chinatseguka. Kenako anachiimika pafupi ndi makala.

"Mafuta ake asungunuke kaye, mayi. Amenewo ndiwo mukazingire anyezi. Tomato apse ndithu. Nyama ilowe pomaliza, mungotembenuza kawiri, apo ayi isanduka phala. Mchere musathire, ili nawo kale. Kukomponi tinkaphika chonchi Lamlungu lililonse."

Ndinachita monga ananenera. Kunena zoona, sindinadyepo nyama yam'chitini yokoma ngati ya tsiku limenelo. Tinadya atatu mupoto imodzi. Mlendo ankadya mwaulemu, akufunsa ngati mvula inagwa bwino, ngati ng'ombe zikumwabe padambo. Amuna anga ankayankha, akuseka naye.

Ine ndinkangoyang'ana. Mlendoyo ankafukula kachewere m'makala ndi dzanja, osapsa. Ife tikayankhula, mpweya unkaoneka ngati utsi chifukwa cha chisanu. Pakamwa pa iye sipankatuluka kanthu. Nditayatsa tochi ya foni kuti ndifune supuni, anadzidzimuka n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mwachoka liti ku Joni?" ndinafunsa.

"Sitima ndatsika dzana pa Balaka," anatero. "Koma njira zasintha, mayi. Ndikangofika pamtsinje uno ndimasokera. Kwathu ndi pafupi, kuseri kwa chulu icho. Mkazi wanga ndinamulembera kuti ndifika asanakolole."

Anapukuta manja pa jekete n'kuimirira, sutikesi osapendekeka.

"Akulu, mundiperekezeko pang'ono."

Ndinagwira malaya a amuna anga. "Musapite," ndinanong'ona. "Munthu uyu si wabwinobwino."

"Ndaona, mayi a Tracy," anayankha motsitsa mawu. "Koma wadya nafe. Mlendo amaperekezedwa."

Amuna anga anavala chipewa n'kutsogola. Mdima unawameza onse awiri. Ndinkamva mapazi a munthu mmodzi yekha.

Ndinadikira. Ndinasonkhezera moto. Foni inalibe netiweki. Ndinaitana dzina lawo katatu, phiri lokha n'kumandiyankha. Ndinayesa kulowera kumene analowera, koma kuseri kwa chulu kunalibe njira, udzu wokhawokha wofika m'chifuwa. Ndinabwerera, n'kukhala pakhomo pa tenti nditakumbatira chikwama chawo. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kawiri.

Kutangoyera ndinatsika ndi mtsinje, ndikufuula. Ndinakumana ndi mayi wina wotola nkhuni, dzina lake a Jessie. Nditafotokoza, sanafunse zambiri.

"Wa sutikesi?"

"Eya."

"Ndiye anapita naye?" Anaika nkhuni pansi. "Tiyeni."

Tinayenda pafupifupi maola awiri, kukwera ndi kutsika. Tinafika pabwinja pamene panatsala mitengo ya mango ikuluikulu ndi milu ya dothi pomwe panali nyumba. Amuna anga anali atatsamira mtengo umodzi, chipewa chili kumaso, akuliza mkonono. Nsapato zawo zinali zouma, zopanda ndi chisoso chomwe. Ife masiketi anali atanyowa ndi mame mpaka m'chiuno.

Ndinawagwedeza ndikulira. Anadzuka akumwetulira.

"Mukuliranji? Ndangoti ndipumuleko pakhonde."

"Khonde lake liti?"

Anayang'ana uku ndi uku. Kumwetulira kunachepa, koma sikunathe. Anatifotokozera kuti anangoyenda pang'ono, osatopa n'komwe, n'kutulukira pamudzi. Agalu anauwa. Mayi wina anatuluka m'nyumba atanyamula koloboyi, ndipo ataona mlendoyo anaimba nthungululu mpaka anagwada. Thomas anati, "Akulu, nditulitseni." Anagwirizana awiri, koma ngakhale choncho sutikesiyo inali yolemera ngati mwala wamphero. Itafika pansi, munthuyo anapuma mpweya wautali, n'kudzisisita pakhosi. Mayi uja anabweretsa madzi m'chikho. Amuna anga anamwa, anakhala pakhonde, basi.

A Jessie anali atagwira pakamwa. Anayankhula chapansipansi, akuyang'ana milu ya dothi ija.

"Mudzi uwu unasamuka ine ndisanabadwe. Amati munthuyo anamwalira panjira, atatsala pang'ono kufika. Ena amati anadwala chifuwa cha kumigodi, ena amati mtsinje unadzaza. Ambiri akumana naye nyengo yozizira ngati ino, osaka mbewa, ootcha makala. Onse amathawa. Aka n'koyamba kumva kuti wafika."

Tinabwerera kukapasula tenti. Madzulo a tsiku lomwelo tinafika ku Kasinje, Tracy n'kutikalipira kuti tachedwa. Sitinamuuze kanthu. Phewa la bambo ake linatupa sabata yathunthu, koma iwo ankangoimba nyimbo zawo za kwaya, opepukidwa ngati munthu wochokera kokaperekeza mkwatibwi.

Tili m'minibasi pobwerera ku Manjawira ndi pamene anandiuza chotsala.

"Mayi aja anandifunsa kumene timakhala. Akuti adzabwera ndi amuna awo kudzathokoza amene anaphika."

"Inu n'kuwauza?"

"Munthu wakupatsa madzi akumwa, ungamubisire kwanu?"

Mpaka lero sanabwere. Maulendo athu sitinasiye, ndipo tulo timagona bwino. Koma madzulo ena agalu a m'mudzi akauwa n'kungoti zii onse pamodzi, amuna anga amatsitsa wailesi. Ine ndimadzuka n'kukaonjezera madzi m'ketulo.