Wothamanga naye Lorenso

Ku Chikwawa dzuwa silichita nthabwala, choncho ana asukulu tonse tinkathamanga likalowa. Tinali ndi apu pafoni yojambula njira imene wadutsa, anzako n'kumakuona pamapu ngati kadontho. Ine ndinaiika chifukwa cha Lorenso, chibwenzi changa. Zolimbitsa thupi zinali zongonamizira.

Tsiku lina apu ija inalemba kuti Lorenso wathamanga limodzi ndi Helena. Mawa lake chimodzimodzi. Mtima unandiwawa. Helena wake uti? Ine ndikamupempha Lorensoyo kuti tithamangire limodzi ankati ndimachedwa ngati ngolo.

Nditamufunsa anaseka.

"Iwe Evelesi, nsanje idzakupha. Ndimathamanga ndekha."

Madzulo amenewo ndinakabisala m'mphepete mwa munda wa nzimbe, pamene njira yake imakhotera ku Shire. Udzudzu unandidya, koma ndinapirira. Mdima utagwira, timadontho tiwiri tinaoneka pamapu, tikubwera.

Lorenso anatulukira. Anali yekha.

Koma ankathamanga chakumbali, kusiya theka la njira. Ankayankhula motsitsa, kenako n'kuseka kuseka kuja kumene ine anali atasiya kundisekera. Pambali pake fumbi linkadzuka lokha, phu, phu, phu.

Mantha analipo, koma nsanje inaposa. Ndinalumphira pamsewu.

"Helena! Musiye mwamuna wanga!"

Kadontho kamodzi kanaima. Lorenso anapitirira osacheuka, ngati sanandimve. Kenako kadontho kaja kanayamba kubwerera, pang'onopang'ono, mpaka kanakhala pamwamba pa kanga. Ndinamva fungo la matope a mumtsinje. Wina ankapuma wefuwefu pakhosi panga.

Mmene ndinafikira kunyumba sindikudziwa. Mayi Fatsani, eni nyumba imene ndimachita lendi, atamva nkhaniyi anagwira pakamwa.

"Mwananga, usiku saitana munthu ndi dzina. Nkhabe, ayi ndithu! Helena ameneyo anapita ndi madzi osefukira, foni ili m'manja. Mpaka lero sanapezeke. Iweyo wamuitana, ndiye iye wavomera."

Apu ija ndinaichotsa usiku womwewo.

Patapita masiku Lorenso anabwera m'mamawa, maso ali psuu, milomo itauma. Ndinaganiza kuti wabwera kudzapepesa. Sanandiyang'ane n'komwe. Maso ake anali kumbuyo kwa phewa langa, ndipo anamwetulira mwachisoni.

"Ndakudikira mpaka kucha," anatero. "Bwanji masiku ano ukungoyenda ndi uyu?"