Tabeth ndi Chingwe cha Pantuni

Tabeth anali ndi funso. Funsolo linachokera m'buku la Chingerezi.

M'bukumo munali chithunzi cha sitima ya pamadzi. Sitimayo inali yaikulu kuposa sukulu yawo ya ku Kakumbi.

Aphunzitsi a Gideon analoza chithunzicho. "Iyi ndi ship, sitima ya pamadzi. Apa pamene yaima ndi pa dock. Akati cast off, ndiye kuti masulani chingwe, sitima inyamuke."

Tabeth anakweza dzanja. "Aphunzitsi, sitima yonseyi amaimanga ndi chingwe ngati mbuzi?"

Anzake anaseka chikhakhali.

"Inde," anatero aphunzitsi.

"Nanga akapanda kumasula?"

"Ndiye kuti sinyamuka."

Tabeth mutu unamuima. Nyanja anali asanaionepo. Iye ankadziwa mtsinje wa Luangwa basi, ndi mvuu zake. Ship. Dock. Cast off. Mawuwo ankangozungulira m'mutu.

Kunyumba anapeza atate ake, a Silas, akulongedza chikwama. A Silas anali sikauti, wolondera nyama m'paki.

"Mawa ndiwoloka Luangwa," anatero. "Ndikakhala two weeks."

Tabeth anachita mantha. Kutsidya kuli njovu. Kutsidya kuli anthu opha nyama mobisa, ndipo ali ndi mfuti. Iye sanafune kuti atate apite.

M'mawa, Tabeth ndi amayi ake a Alice anaperekeza atate ku Nkwali, kowolokera mtsinje. Pamtsinje panali pantuni, bwato lalikulu lowolotsa galimoto. Pantuniyo inali yomangidwa pachikhomo ndi chingwe.

Tabeth anayang'ana pantuni. Anayang'ana chingwe. Anayang'ananso pantuni.

"Kodi! Dock ndi apa!" anatero chamumtima. "Akapanda kumasula, sinyamuka."

Anathamanga nakhala pa chingwe paja, khwaa! Kamwana kochepa, koma khosi gwa.

Galimoto ya alendo inakwera. Atate anakwera. A Jairos, owolotsa pantuni, anabwera kudzamasula.

"Iwe Tabeth, sendera pang'ono."

"Sindisendera."

"Wadwala?"

"Ayi."

"Nanga ufuna kukwera?"

"Ayi."

A Jairos anakanda m'mutu. Dalaivala analiza hutala. Alendo anayang'anana. Amayi anagwira pakamwa.

"Mwana uyu chamulowa n'chiyani?" anatero amayi.

Atate anatsika. Anagwada pafupi ndi Tabeth.

"Mwana wanga, ndiuze."

Misozi inalengeza m'maso mwa Tabeth. "Aphunzitsi anati akapanda kumasula chingwe, sitima sinyamuka. Ya m'buku ija inapita kutali. Sindinaone pamene inabwera."

Atate sanaseke. Anamugwira dzanja.

"Taona apo," anatero. Analoza waya wonenepa. Wayayo anayambira tsidya lino kukafika tsidya lina. "A Jairos amakoka waya uyu kuti tiwoloke. Waya uyu samasulidwa. Pantuni imapita naye. Imabweranso naye. Inenso ndidzabwera naye."

Tabeth anayang'ana wayayo mpaka kutsidya. Anapukuta misozi. Anaimirira.

"Ndimasule ndine," anatero.

A Jairos anamuthandiza. Chingwe chinamasuka.

"Cast off!" anafuula Tabeth.

Pantuni inanyamuka pang'onopang'ono. Atate anakweza chipewa.

Tabeth anawerenga masiku. Ankawerenga m'mawa. Ankawerenganso madzulo. Masiku ake ankayenda ngati kamba.

Tsiku lomaliza linafika. Tabeth ndi amayi anaima pamtsinje. Pantuni inabwera ndi waya womwe uja. Kutsogolo kunaima atate, fumbi lokhalokha.

"Tabeth, gwira!" A Jairos anaponya chingwe.

Tabeth anachigwira. Anachimanga pachikhomo. Kenako anathamangira m'manja mwa atate.

"Atate, kumanga chingwe m'Chingerezi amati chiyani?"

Atate anaseka. "Aa, zimenezo ukafunse aphunzitsi."

"Ndikafunsa mawa," anatero Tabeth. "Mawu amenewo ndiwo ndikufuna ine."

Kumbuyo kwawo a Jairos anali thukuta kamukamu. Ankalimbana ndi chingwe. Tabeth anali atamanga mfundo zisanu.