Mabuleki Sasayinira Katundu Asanamuone

Madalaivala a pa kampani ina yonyamula katundu anamupatsa dzina loti Mabuleki, ndipo dzinalo linamukhala. Lole ikhoza kuima pageti, dalaivala n'kumaliza hutala mpaka makutu kugontha, koma ngati mtsikanayo sanakwere yekha kumbuyo kukaona katundu ndi maso ake, pepala silinkasayinidwa. Ndiye anali woyang'anira nyumba yonse yosungiramo katundu, ndipo sankapepesa munthu chifukwa cha khalidwe lakelo.

Mnyamata wogulitsa mapulinta anafika pa windo lake Lachisanu lina masana, ali ndi makatoni asanu, tayi yofiira ndi kumwetulira kwa munthu amene sanakanidwepo. Anapempha kuti angomusayinira chifukwa anali pa changu.

"Sindisayinira katundu ndisanamuone," anatero Mabuleki osadzutsa n'komwe mutu.

"Nanga mtima wa munthu mumauona bwanji musanaulandire?"

Mabuleki anaseka. Makatoni anawatsegula onse asanu ndithu, koma nambala yake ya foni anaipereka popanda kufunsa funso ngakhale limodzi.

Achemwali ake, namwino amene ankakhala naye nyumba imodzi, anangomuona kamodzi mnyamatayo n'kumutcha aTayi. Ankati munthu wovala tayi ngakhale Loweruka ali ndi china chimene akuphimba. Mabuleki ankangowaseka. Iwo akanadziwa bwanji kukoma kwa uthenga umene unkafika m'mawa uliwonse, iye asanatsuke n'kumaso komwe?

"Wadzuka bwanji nyenyezi yanga? Dzuwa lachedwa kutuluka lero, likuchita manyazi ndi iwe."

Munthu amene amathera tsiku lonse akukangana ndi madalaivala, mawu otere amamufewetsa mpaka m'mafupa. Mabuleki anakonda, ndipo anakonda zenizeni.

Tayi anamuuza kuti akuchita masitazi ya bizinesi ku koleji ya kutsidya kwa tauni. Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira faivi madzulo, foni yake inkakhala yothimitsa chifukwa ali m'kalasi. Lamlungu masana ankabwera ndi laputopu, n'kukhala pa sofa akudandaula kuti mutu sukugwira. Poyamba Mabuleki ankangomuwerengera zimene walemba. Kenako anayamba kukonza. Pofika mwezi wachinayi, laputopu inkakhala pa miyendo ya Mabuleki, mwiniwake akumusisita mapewa n'kumamutcha pulofesa.

Ntchito yaikulu ya chaka inali yoti wophunzira aliyense apeze vuto lenileni pa kampani ina ndi kusonyeza njira yolithetsera. Tayi anati pa mapulinta palibe vuto loti munthu n'kulembapo. Mabuleki anamupatsa lake. Malole awo ankapita odzaza, n'kumabwerera opanda kanthu. Iye anakhoma bolodi pageti la depoti ya kutali, kuti amalonda azilembapo ndi choko katundu amene akufuna kutumiza ku tauni, ndipo malole anayamba kubwerera atanyamula. Analemba zonsezi kwa masabata atatu. Anaikamonso mawu a dalaivala wina wachikulire, amene ankati lole yopanda katundu imalira ngati m'mimba mwa mlendo wamanyazi.

Kulemba kumeneku n'kumene kunamuyambitsa njala. Ngati iye ankatha kulembera wina, bwanji osadzilembera yekha? Abwana ake anali atamuuza kale kuti mpando wa woyang'anira madepoti onse sungapite kwa munthu wopanda digiri yachiwiri, ngakhale atakhala wodziwa ntchito chotani. Anatumiza makalata mwakachetechete, ndipo mayankho anabwera awiri sabata imodzi. Sukulu ina inali ya pa intaneti. Ina inali koleji yomwe ija ya Tayi. Zonse ziwiri zinkafuna yankho pofika Lachisanu.

Lamlungu anamuonetsa Tayi makalatawo akumwetulira, akuganiza kale za momwe azidzakhalira mipando yoyandikana.

Tayi anawerenga kalata ya ku koleji kawiri, n'kumasula tayi pang'ono. Kenako anayamba kulankhula ngati munthu amene walipidwa kuti ainyoze sukulu yake yomwe. Anati aphunzitsi amafika mochedwa, mipando ndi yothyoka, ndipo pa msewu wa kumeneko magalimoto amathinana moti munthu amafika kalasi ili pakati. Anati m'magulu ophunzirira mumadzaza alesi ongodikira kukolola pamene sanalime. Munthu wa pa ntchito ngati Mabuleki, anatero, ya pa intaneti ndiyo yake.

"Ndikufuna uziphunzira uli panyumba, duwa langa, ine ndikukubweretsera tiyi. Sankha ya pa intaneti. Mwezi wamawa ndibwera ndi mphete, ndidzagwada pamaso pa achemwali akowa. Ndalonjeza."

Mphete!

Komanso si kuti Tayi ananama zonse. Achemwali ake omwe anachita digiri yawo pa intaneti, akumvera maphunziro pa foni pakati pa mashifiti, ndipo anakhoza bwino lomwe. Anamuuza poyera kuti njira imeneyo imasunga ntchito ya munthu. Sipakhala zopempha abwana kuti uweruke folo koloko, sipakhala zothamangira basi, ndipo phunziro likakuvuta umalibwereza mpaka lilowe. Lachinayi n'limene malole ankabwera ambiri, ndipo Mabuleki ankadziwa kuti kuchoka msanga tsiku limenelo kudzakhala nkhondo sabata iliyonse.

Koma ankadzidziwanso yekha. Nzeru zake zinkatuluka akamatsutsana ndi munthu maso ndi maso. Ankafuna kuimika mkono, kufunsa, kukanidwa, n'kuyankhanso. Kutsogolo kwa laputopu akanatsutsana ndi ndani?

"Ine sindikusankhira," anatero achemwali ake akusita yunifolomu. "Koma ndikudabwa. Mwamuna amene amakukonda, n'kumakuletsa kubwera kumene iye amakhala kawiri pa sabata?"

"Inu achemwali simunamukondepo."

"Eya, sindinamukondepo. Koma funso langa sunaliyankhe."

M'munsi mwa kalata ya ku koleji munali mzere umene Tayi sanauone. Aliyense wosankhidwa ankaloledwa kukakhala nawo m'kalasi tsiku limodzi asanapereke yankho. Mabuleki sanapite chifukwa chokayikira bwenzi lake ayi. Anapita chifukwa sanasayinirepo katundu asanamuone, ndipo sanaone chifukwa choyambira pa sukulu. Lachinayi anasiyira makiyi wachiwiri wake, n'kukwera basi osauza munthu. M'njira ankamwetulira yekha poganiza nkhope imene Tayi achite akamuona.

Anafika kutatsala mphindi khumi. Mipando inali yabwinobwino. Aphunzitsi, mayi wamfupi wa magalasi, anali atafika kale ndipo anamulozera malo kumbuyo. Munalowa anthu pafupifupi makumi atatu, ena ndi mayunifolomu a kuntchito, ena akumalizira kudya m'manja. Tayi sanalowe. Mabuleki anati mwina ndi magalimoto aja amathinana.

Linali tsiku loti ophunzira afotokoze ntchito zawo. Wachitatu kuimirira anali mtsikana wa bulauzi yachikasu, baji ya ku banki ikulendewera m'khosi. Anayatsa makina, ndipo pakhoma panaoneka mutu wa ntchito yake: Malole Obwerera Opanda Katundu.

Mabuleki anayang'anitsitsa pakhomapo.

Anali mawu ake, mzere ndi mzere. Bolodi lake, geti lake, choko. Mtsikanayo atafika pa lole yolira ngati m'mimba mwa mlendo wamanyazi, kalasi yonse inafa nako kuseka. Pomaliza anathokoza amene akufuna kumanga naye banja, amene amathera Lamlungu lonse ku laibulale kumufufuzira zinthu. Ananena izi akugwira mphete imene inali pa chala chake.

Laibulaleyo inali sofa ya Mabuleki. Anafuna kulira, anafuna kutuluka, koma anakhalabe pampando.

Aphunzitsi anayamikira, kenako analoza pakhoma. Anafunsa chifukwa chimene malole anayambiranso kubwerera opanda kanthu m'mwezi wachitatu chikhomereni bolodi, popeza pepala silinafotokoze. Mtsikana wa ku banki anayang'ana mapepala ake, anayang'ana kudenga, n'kunena kuti mwina mafuta anakwera. Aphunzitsi anapukusa mutu.

Mkono wa Mabuleki unakwera wokha.

"Inu kumbuyoko, ndinu mlendo wathu eti?"

"Ndine mlendo, Madamu, koma malolewo ndi anga. Mwezi wachitatu kunayamba mvula. Inkafufuta zonse zolembedwa pa bolodi madalaivala asanawerenge. Tinakhomera kadenga ka malata pamwamba pake, zinthu n'kubwerera m'malo. Sindinalembemo chifukwa tsiku limenelo amene ndinkamulembera anali pa changu."

Mitu makumi atatu inatembenukira kwa iye. Bambo wina wa ovolosi anafunsa chifukwa chimene sanangogwiritsa ntchito mafoni. Mabuleki anamuyankha kuti theka la amalondawo foni amabwerekana, bamboyo anatsutsa, iye anayankhanso, ndipo aphunzitsi anawasiya akangane kwa mphindi zisanu zathunthu. Mtima unali ukuwawa ngati wapsa ndi moto, koma mutu wake unali usanayambe wagwirapo ntchito mokoma chonchi.

Kalasi itatha, mtsikana wa ku banki anamutsekera njira pakhonde, maso ali psuu. Anafunsa kuti iye ndi ndani, ndipo akufuna chiyani pomuchititsa manyazi pagulu. Mabuleki sanakangane naye. Anatsegula foni n'kumupatsa. Mtsikanayo anawerenga, kenako anatulutsa yake. Uthenga wa m'mawa umenewo unali womwewo, dzuwa lomwelo lamanyazi, kusiyana mphindi imodzi yokha.

Iyenso anali wonamizidwa. Ankakhulupirira kuti bwenzi lake ndi munthu wanzeru amene amamulembera yekha chifukwa cha chikondi. Tayi sanalembetsepo pa kolejiyo. Ntchito yake Lachiwiri ndi Lachinayi inali kumutula mtsikanayo, kumudikira panja, ndi kumutenga kalasi ikatha.

Awiriwo anamupeza Tayi poimika magalimoto atatsamira galimoto yake, tayi yabuluu ili m'malo mwake. Atawaona akubwera limodzi, kumwetulira kuja kunathawa.

"Nyenyezi yanga, dikira ndikufotokozere."

"Ukuuza uti?" anafunsa wa ku banki. Anavula mphete, n'kuiika pa boneti, n'kubwerera m'kati kukaonana ndi aphunzitsi mwini yekha.

Tayi anatembenukira kwa Mabuleki, ndipo m'malo mopepesa anakwiya. "Ndinakuuza kuti usabwere kuno. Waona zimene wachita?"

"Ndaona," anatero Mabuleki. "N'zimene ndinabwerera."

Sanalire pamaso pake. Analira m'basi, nkhope atalozetsa ku windo, ndipo analiranso kunyumba mutu uli pa miyendo ya achemwali ake. Ankalirira Malamlungu ake onse aja, ndi tiyi amene analonjezedwa, ndi kupusa kwake. Iye amene ankatsegula katoni iliyonse, analandira munthu wathunthu osayang'ana m'kati. Achemwali sananene kuti ndinakuuza. Anangomufunsa ngati akufuna kupita ku kolejiko chifukwa cha sukulu kapena chifukwa cha mkwiyo, popeza mkwiyo sutha zaka ziwiri koma basi ya folo koloko idzafunika sabata iliyonse.

Mabuleki anapukuta misozi n'kuwauza za bambo wa ovolosi uja, ndi mphindi zisanu zija. Anati ya pa intaneti ndi yabwino kwa amene inawayanja, koma iye waona pamene pali malo ake, ndipo sachokapo chifukwa choti wina anapadetsa.

Lachisanu m'mawa mauthenga anayamba kugwa ngati matalala. "Mtima wanga, ndinalakwa. Iwe ndiwe weniweni." Kenako wina: "Ungapirire anthu onse aja akukuloza chala? Chita ya pa intaneti, tiyambirenso mwakachetechete. Mphete ija ndi yako tsopano."

Mphete ya pa boneti! Mabuleki anaseka koyamba chichokereni dzulo lake.

Analowa mu ofesi ya abwana ake n'kuwauza, osati kuwapempha, kuti kuyambira mwezi wamawa Lachiwiri ndi Lachinayi aziweruka folo koloko, ndipo maola amenewo azibweza Loweruka. Abwanawo anang'ung'udza za malole a Lachinayi. Iye anawayankha kuti wachiwiri wake anawakwanitsa dzulo, ndipo palibe lole inagona pageti.

Nthawi ya nkhomaliro anakwera basi yomwe ija. Mlembi wa ku koleji anamupatsa fomu n'kumulozera pamene asayine. Mabuleki anawerenga tsamba lililonse, mlembiyo akuyang'ana wotchi, kenako anasayina dzina lake lonse mosathamanga.

Atatuluka panja anatenga foni n'kulemba uthenga umodzi wokha.

"Usavutike kuimba Lachiwiri ndi Lachinayi. Foni izikhala yothimitsa, ndili m'kalasi. Masiku enawo izikhala yoyatsa, koma osati chifukwa cha iwe."

Anautumiza, n'kufufuta nambala, n'kuthamangira basi. Pageti panali malole atatu akumudikira.