Khasu la Kuseri kwa Mpanda wa a Chirambo

Chimene a Felton Chirambo anaona mmawa umenewo sichikanaopsa munthu wina aliyense: kanjira kolambulidwa bwino, dothi lofiira lili poyera, kuseri kwa mpanda wa nyumba yawo ku Eriya 12. Vuto linali lakuti dzulo lake panalibe kanjira. Panali tsekera wotalika kuposa munthu, wouma mongoyembekezera machesi.

Chinali chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Nyumba za ku Eriya 12 zinkanunkhabe penti, koma kuseri kwake kunali tchire lokhalokha, mmene munali midzi ya anthu amene anakwezedwa m'malole kuti mzinda upeze malo. A Chirambo, bwana wa muofesi wochokera ku Rumphi, analibe nazo ntchito zimenezo. Mtima wawo unali pa akazi awo, a Phyllis, amene anali oyembekezera atapita padera kangapo. Adokotala anati azigona ndipo asamadzidzimuke. Ndiye chilichonse chodzidzimutsa a Phyllis chinali mdani wa a Chirambo, ngakhale buluzi.

Usiku wake a Phyllis anawagwedeza paphewa.

"Bambo, tamverani."

Kunalibe mwezi, ndipo magetsi a mumsewu anali asanafike. Agalu onse anali zii. Kenako linamveka: khwee, khwee, khasu likupala dothi louma, mosafulumira, ngati la munthu wosaopa aliyense. Linkaleka pang'ono, tsekera n'kumalira yekha ndi mphepo, kenako linkayambanso.

"Wolima usiku ndi munthu wanji?" ananong'ona a Phyllis atagwira mimba.

Kutacha, kanjira kaja kanali katatalika, kakukhotera ku kamsitu kowirira kamene mathalakitala a omanga nyumba anakalambalala. Udzu wodulidwawo unali utaunjikidwa bwinobwino patali. Usiku uliwonse zinali zomwezo. Antchito a m'nyumba zoyandikana anayamba zawo zija: ena ankati ndi akuba akukonza potulutsira katundu, ena ankati afiti akusesa povinira. Mphekesera zimadziwa khomo la kukhitchini, ndipo zinawapeza a Phyllis. Anasiya kudya.

A Chirambo anasonkhanitsa alonda a mumsewumo, anabisala ndi matochi ndi zibonga. Khasu litangoyamba, anaunika onse pamodzi. Mfiti yawo ija inali nkhalamba yowonda, yovala jekete long'ambika, ikuphethira ndi kuwalako.

"Ndine Zikhale, bwana," inatero. "Awa ndi manda athu. Muli mkazi wanga umu, ndi ana anga. Chaka chilichonse timalambula kuzungulira, kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Masana amandithamangitsa, akuti kuno n'kwa mabwana. Kwatsala pang'ono, ndiloleni ndimalize."

Munthu wabwino akanaseka n'kukagona. Koma a Chirambo anachita manyazi kuti anakhala akunjenjemera chifukwa cha nkhalamba, alonda akuona, ndipo manyaziwo anasanduka ukali woipa. Analanda khasulo, anauza alonda kuti agwire dzanja la a Zikhale pansi, n'kulimenya ndi mpini mpaka china chake chinalira mkati. Nkhalamba sinakuwe. Inatola khasu lake ndi dzanja linalo n'kulowa mumdima.

Mmawa anaitana gadeniboyi wawo, Mackford.

"Udzu wonse ubwezere pamene madala aja alambula. Aone kuti anavutikira pachabe."

Mackford anabwezera, akuyang'ana pansi.

Kunakhala bata. A Phyllis anayambanso kudya, ndipo a Chirambo ankayenda monyada ngati munthu wopha njoka. Koma tsiku lina Mackford, pobwera ku Msika wa Lilongwe, anawakokera pambali pa galaja.

"Bwana, ndakumana ndi anthu akwawo kwa agogo aja. Akuti dzanja linatupa mpaka m'khwapa. Anawaika dzana, komwe anasamukirako."

"Usawauze adona."

A Phyllis sanafunikire kuuzidwa. Usiku womwewo, khwee, khwee. A Chirambo anatuluka ndi tochi. Akapita mbali iyi ya kamsitu, khasu linkamveka mbali inayo. Akathamangira kumeneko, linkamveka kumene achoka. Tochi inkangoonetsa tsekera ndi kafumbi kofiira kamene kanali kasanakhazikike.

Pofika mmawa kanjira kanali katazungulira manda onse, koyera ngati pabwalo posesa. Udzu uja Mackford anabwezera unali utachotsedwa wonse, koma ulendo uno sunaunjikidwe patali. Unali utatsamira mpanda wa a Chirambo, mulu wofika m'chifuwa.

"Chotsa zimenezi," anatero a Chirambo.

"Bwana, mundichotse ntchito, koma udzu umenewo sindiukhudzanso."

Anamuchotsadi, pomwepo. Udzuwo anati aupezera waganyu Loweruka, chifukwa bwana wa tayi sagwira chikwakwa antchito a anzake akuona. Anakwera galimoto n'kupita ku ofesi.

Utsi anauonera pawindo la ku ofesi masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Amene analipo amati moto unabwera ndi mphepo kuchokera kudambo, ukuthetheka ngati chimanga chokazinga. Utafika pa kanjira kaja unagwada, unazungulira manda osapsereza ngakhale tsamba, n'kupeza mulu wa udzu. Kuchoka pamenepo unakwera mpanda, unalowa m'galaja mmene munali zigubu za petulo, n'kugwira denga. A Phyllis anali m'tulo kuchipinda chakuseri. Alonda anawatulutsira pawindo atakomoka.

Kuchipatala anawauza a Chirambo kuti adikire, palibe chimene anganene za mayi kapena za mwana. Chakumadzulo anabwerera kukaona chimene chatsala. Dziko lonse linali lakuda mpaka kudambo, zitsa zikufukabe, ndipo pakati pa phulusalo kamsitu kanali chiimire, kobiriwira. Anayenda motsatira kanjira kaja ngati woledzera. Mbali yoyang'ana kunyumba kwawo, kanjirako kanali katatuluka pang'ono, kutengako malo amene kale anali kunja kwa manda. Mkati mwake munali molambulidwa pawiri: pena patali ngati mphasa ya munthu wamkulu, pambali pake kamalo kakang'ono kosakwana mkono.

A Chirambo anagwada m'phulusamo. Anapepesa m'Chichewa, anapepesa m'Chitumbuka, anatchula dzina la a Zikhale ndi ulemu umene sanawapatse ali moyo. Mitengo sinagwedezeke n'komwe.

Analowa m'galimoto kuti abwerere kuchipatala, koma sanailize. Mdima unagwa ali pompo. Ndipo kuseri kwa pamene panali mpanda, khasu linayambanso. Silinkapalanso pamwamba ayi. Linkamveka di, di, di, likulowa pansi.